Kaphokoso M'galimoto ya Mtengo Wapatali

Munthu wokwera lole yonyamula fodya sadandaula za phokoso, pakuti m'menemo chilichonse chimalira. Wodandaula ndi uja wagula galimoto yapamwamba, chifukwa china mwa zinthu zimene iye walipira ndalama zambiri ndicho bata.

Opanga magalimoto adayamba kalekale kugulitsa batalo. M'chaka cha 1958, katswiri wotsatsa malonda David Ogilvy adalengeza kuti m'galimoto ya Rolls-Royce yothamanga mamailosi 60 pa ola, chomveka kwambiri chidali koloko yamagetsi. M'chaka cha 1989, kampani ya Toyota potsatsa Lexus LS 400 idasanjikiza matambula agalasi pa boneti injini ili pa liŵiro, ndipo matambulawo sadagwe. Komatu walira mvula walira matope. Galimoto ikakhala ya zii chotere, kaphokoso kamene m'basi sikangamveke n'komwe kamasanduka ng'oma m'khutu la mwini wake.

Izi ndizo zidaonekera mkulu wina wamalonda amene adadzimana zaka zambiri kuti agule galimoto yotere. Itangotha miyezi ingapo, adayamba kumva gobedegobede chakumanzere kwa dashibodi. Adapita ku galaja kaŵiri konse, koma kaphokosoko kankangoti zii amakaniko akafika, ngati mwana wonamizira kudwala akaona sing'anga. Mkuluyo adayamba kukweza wailesi kuti asakamve, ndipo ulendo uliwonse ankafika kunyumba nkhope ili ndwii.

Tsiku lina makaniko wina wachikulire adamuuza kuti, "Bwana, musataye ndalama msanga. Galimoto yanuyi ikuyankhula, tiyeni tiyambe taimvera." Poyamba adatulutsa zonse zimene zidali m'kati: ndalama zachitsulo, makiyi, mabotolo ndi zolembera. Adamangitsa jeke ndi tayala lapadera m'buti, naonetsetsa kuti chitsulo cha lamba wa pampando sichikugunda khoma. Kenaka, poti mutu umodzi susenza denga, adapempha mwini galimoto kuti ayendetse pa msewu wa mabampu, iye atakhala pambali n'kumatsindika ndi chikhato malo amodziamodzi. Atatsindika chitseko chakumbuyo, phokoso lija lidaleka. Kapulasitiki kogwira chophimba cha chitsekocho kadali katathyoka, ndipo mtengo wake sudafike ngakhale pa mtengo wa nkhuku.

Khutu lidanamiza mkuluyo chifukwa kunjenjemera kumayenda m'zitsulo za galimoto n'kukamvekera kutali ndi kumene kwayambira. Gwero la maphokoso otere n'losavuta kulimvetsa. M'kati mwa galimoto yapamwamba muli pulasitiki, chitsulo, thabwa ndi chikopa, ndipo zinthu zimenezi zimafutukuka ndi kukhwinyata mosiyana kukatentha kapena kukazizira. N'chifukwa chake phokoso lomveka m'maŵa wa mwezi wa June limatha kusoŵa dzuŵa likakwera. Mphira wa m'mphepete mwa zitseko naye akauma ndi kuloŵa fumbi amayamba kulira kwichikwichi. Mankhwala ake ndiwo kumutsuka ndi kumupaka mafuta a silikoni, osati oyilo wa injini amene amaononga mphira. Pamene zinthu ziŵiri zikukhudzana, amisiri amaikapo kansalu kofeŵa kapena kasiponji kuti zisagundane.

Pali malire amene mwini galimoto sayenera kudumpha. M'chiwongolero, m'dashibodi ndi m'mbali mwa mipando mumakhala zikwama za mpweya zoteteza anthu pangozi, ndipo kusendula malo ameneŵa popanda luso kungathe kuziphulitsa kapena kuzipha. Ndiponso si phokoso lililonse lomveka m'kati limene limachokera m'kati. Kugogoda kwa pansi pokhota, kapena kulira kwa chitsulo poponda mabuleki, ndi chenjezo lofunika makaniko tsiku lomwelo, pakuti pamenepo pagona moyo wa anthu.

Apa ndiye poopsa pa chizoloŵezi chokweza wailesi. Khutu lozoloŵera kunyalanyaza phokoso laling'ono silidzazindikira lalikulu likadzabwera. Woyendetsa wanzeru amasunga m'mutu nthaŵi imene phokosolo limayamba, liŵiro limene akuthamanga ndi mtundu wa msewu, kuti akafika kwa mmisiri akanene zogwira mtima. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo galimoto, ingadule chotani, imaulula matenda ake kwa yekhayo amene wazimitsa wailesi n'kutchera khutu.