Bondo la ku Torwood

Ng'anjo za Zisco zitazima mu 2008, mwamuna wina wa ku Torwood m'tauni ya Redcliff, mwana wa mtchona wa ku Dedza, adayamba kulawirira m'bandakucha kuthamanga mumsewu wa ku Kwekwe. Ntchito idali itatha, koma miyendo idalipo. Stephen Muzhingi atapambana mpikisano wa Comrades katatu kotsatizana, kuchokera 2009 mpaka 2011, nayenso mtima udamuyabwa, nakalembetsa liwiro la makilomita 42 ku Victoria Falls.

Bondo lakumanja lidayamba kung'ung'udza atangotsika pa mlatho wa Zambezi. Pofika makilomita 30 lidali litatupa ngati dzungu. Pamenepo Chishona ndi Chingerezi, zinenero za kusukulu ndi kuntchito, zidamuthawa. Chidatsala ndi Chichewa cha malemu bambo ake. Sadanene kuti bondo likupweteka. Adati likuwawa, liwu lomwe Achewa amanenera ndulu ndi imfa yomwe.

Mnyamata wa chithandizo choyamba adamuchonderera kuti akwere galimoto. "Iyayi achimwene, ndifika," adayankha, osazindikira kuti mnzakeyo sakumva chinenerocho.

Adafika motsimphina, anthu atayamba kubalalika. Mendulo ija ili pa msomali kuchipinda. Mpaka lero masitepe amatsika chammbali.