Mvula ya Zaka 100 Siwerenga Kalendala

Ntchito yanga ndi kuuza omanga kukula kwa mvula imene sinagwe. Injiniya akafuna kuika kalavati pansi pa msewu, kukweza mlatho kapena kukonza potayira madzi a damu, simenti imabwera pambuyo. Amayamba wafunsa kuti madzi ochuluka kwambiri amene adzadutse pamenepo ndi otani, ndipo funsolo limagwera anthu ngati ine. Iye amafuna nambala imodzi, mamilimita akutiakuti, ailembe pa pulani n'kupitiriza ntchito. Nambalayo ndimaipereka, poti popanda iyo palibe chingamangidwe, koma ndimakana kuipereka ili yokhayokha. Ikaperekedwa popanda kunena kuti ingaphonye ndi mlingo wotani, ndiponso popanda kufunsa chimene chidzachitike tsiku limene madzi adzaipose, imanamiza womanga pamodzi ndi onse odzadutsa pa mlathowo.

Kuti zimenezi zimveke, tiyambe ndi kumene nambalayi imabadwira. Gwero lake ndi kachitini kokhala ndi fanulo pamwamba, kukamwa kwake mamilimita 127, kozikidwa pabwalo poyera kutali ndi mitengo ndi madenga. M'mawa uliwonse munthu amatsanulira madzi ake m'kagalasi kokhala ndi timizere, n'kulemba m'kaundula. Amatero ku Chileka, ku Bvumbwe, ku Makoka, ku Chitedze ndi m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Milimita imodzi imaoneka ngati yochepa, koma ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi, ndiye mamilimita 100 akagwa pa hekitala imodzi, amenewo ndi malita 1 miliyoni ofuna podzera. M'masiku onse a chaka ine ndimatolamo limodzi lokha, limene kunagwa mvula yambiri kuposa ena onse. Munthu amene walemba mokhulupirika zaka 30 amandisiyira manambala 30 basi. Ngakhale amenewo amafunika kuwakonza: mvula sidikira wolemba, imatha kuyamba usiku n'kupitirira mpaka masana, ndiye chimvula chimodzi chimagawika pamasiku awiri m'kaundula. N'chifukwa chake timachulukitsa ndi 1.13 kuti tiyandikire mvula yeniyeni ya maola 24. Ndipo kwa kalavati wa kakhwawa kakang'ono, mdani si mvumbi wa tsiku lonse ayi, koma chimvula cha mphindi 30, chimene kachitini kowerengedwa kamodzi patsiku sikangachionetse.

Masamu amene timagwiritsa ntchito ndi olemekezeka ndithu. Fisher ndi Tippett anaonetsa mu 1928 kuti zinthu zazikulu koposa, zikatoledwa m'magulumagulu, zimakhala ndi kayalidwe kakekake kosiyana ndi ka zinthu wamba, ndipo Emil Gumbel, katswiri wa ku Germany amene anathawa ulamuliro wa Nazi n'kukakhala ku New York, anaipereka nzeruyi m'manja mwa mainjiniya, makamaka ndi buku lake la 1958. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti tione mmene njira yake imayendera. Tinene kuti pamalo ena, m'zaka 30, tsiku lalikulu la chaka limakhala cha m'ma 80, ndipo zaka zimasiyana ndi mamilimita pafupifupi 25 uku ndi uku. Njira ya Gumbel iti mvula ya zaka 10 ndi 113, ya zaka 50 ndi 145, ya zaka 100 ndi 158. Zikuoneka zaudongo. Koma masamu omwewo, ukawafunsa moona mtima, amavomera kuti 158 ameneyo angakhale paliponse kuyambira cha m'ma 123 mpaka 194. Tsopano kubwere chaka chimodzi chokha chimene kwagwa mamilimita 300 tsiku limodzi, tiwerengenso: mvula ya zaka 100 ija yalumpha kufika cha m'ma 233. Mtsinje ndi womwewo, phiri ndi lomwelo, chasintha ndi mzere umodzi m'kaundula. Nambala yogwedezeka chotere ndi tsiku limodzi siyenera kulembedwa ngati lamulo la m'mabuku.

Dzina lenilenilo nalonso limasocheretsa. Anthu akamva kuti mvula ya zaka 100, amaganiza kuti ikagwa chaka chino ndiye kuti tapuma mpaka zidzukulu. Tanthauzo lake ndi lakuti chaka chilichonse pali mpata umodzi mwa 100 woti igwe kapena kuposedwa, ndipo mitambo sikumbukira za chaka chatha. Mlatho woti ukhale zaka 50 uli ndi mpata wa pafupifupi 40 mwa 100 wokumana nayo. Kutembenuza masamu omwewo, kaundula wa zaka 30 ali ndi mpata wa 26 mwa 100 chabe woti anaionapo mvula yotere. Ndiye kuti mwa makaundula anayi otere, atatu sanachionepo chinthu chimene tikuwafunsa kuti atiuze kukula kwake. N'chifukwa chake ambiri a ife sitikhulupirira kwenikweni chiwerengero chopitirira kawiri kutalika kwa kaundula.

Pali anzanga amene amati chaka chodabwitsa ngati cha 300 chija n'choyenera kuchichotsa, chifukwa chimapotoza mzere ndipo chimakweza mtengo wa zomanga popanda chifukwa. Ndimawamvetsa. Nthawi zina nambala yotere imakhala cholakwa cha cholembera, kapena mvula ya masiku atatu imene wolemba anaipeza m'chitini atabwerako kumaliro n'kuilemba pa tsiku limodzi. Imeneyo ikatsimikizika ichotsedwe ndithu. Koma ikakhala yoona, ndiyo mboni yokhayo imene inaona chimene tikufufuza, ndiye tingaithamangitse bwanji pabwalo? Dziko lathu lomwe likutitsutsa. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakhuthula mamilimita oposa 1,000 m'masiku anayi ku Nkhulambe m'boma la Phalombe, ndipo matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Ambiri anati zoterezi sizinaonekepo. Komatu Phalombe yemweyo anakokoloka mu Malichi 1991 miyala itatsika m'phiri la Michesi, ndipo Zomba anaona zake mu Disembala 1946. Makolo anachipatsa dzina chinthuchi, Napolo, ndipo anthu satcha dzina chinthu chimene chinangochitika kamodzi. Mvula ya namondwe wochokera kunyanja ya India ndi mtundu wina, wosiyana ndi mvula ya mabingu ya masana imene imadzaza kaundula zaka zambiri. Kuziika m'thumba limodzi n'kuyembekeza kuti mzere umodzi uzikwanira zonse ndi kumene kumatipusitsa. Mankhwala ake si kufufuta, koma kukulitsa umboni: kusonkhanitsa makaundula a malo ofanana nyengo kuti zaka zichuluke, monga anaphunzitsira Hosking ndi Wallis m'buku lawo la 1997, ndiponso kupita kumtsinjeko kukafunsa okalamba pamene madzi anafika, kuona zinyalala zokodwa m'nthambi za mkuyu ndi miyala ikuluikulu imene ili pakati pa munda pomwe palibe munthu akanaisenza. Madzi saiwala khwawa, ndipo khwawalo limasunga zizindikiro zakale kuposa kaundula aliyense.

Ena amabwera ndi mbali inayo. Amati ngati masamu ali okayikitsa chotere, asiyeni, ingomangani chachikulu. Mawuwa amakoma kwa amene sagwira thumba la ndalama. Msewu umodzi umawoloka makwawa ambirimbiri, ndipo kalavati aliyense akakulitsidwa mopanda muyeso, ndalama zimathera pakati mudzi wakutsogolo n'kukhala wopanda msewu. Komanso chachikulu n'chotani? Popanda kuwerenga, aliyense ali ndi chachikulu chake. Phindu la masamu ndi lakuti amatithandiza kugawa chitetezo molingana ndi zimene zingatayike. Ngalande ya m'mbali mwa msewu ikasefukira kamodzi pa zaka zingapo, anthu amangovula nsapato. Mlatho wa pamsewu waukulu ukakokoloka, odwala ndi katundu amatsekeredwa tsidya lina. Damu lokhala kumtunda kwa midzi ndiye silingayesedwe n'komwe ndi mvula ya zaka 100. Pamenepo timafunsa za mvula yaikulu koposa imene thambo lingathe kugwetsa pamalopo, funso limene Hershfield analipezera njira ya masamu mu 1961. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira pa Shire mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anazima kwa nthawi yoposa chaka, ndipo amene analipira anali ometa, owotcherera ndi a zigayo m'dziko lonse.

Chotsutsa chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi chakuti nyengo yasintha, choncho kaundula wakale akunena za dziko limene kulibenso. Muli choonadi mmenemo. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kusenza chinyezi choonjezera pafupifupi 7 mwa 100, ndipo njira ya Gumbel inamangidwa poganiza kuti mawa adzafanana ndi dzulo. Koma kusintha sungakuyeze popanda poyambira. Amene wataya kaundula alibe chochulukitsa ndi 7 ameneyo. Masetilaiti nawo athandiza kumadera kopanda zoyezera, koma amaona mvula ya dera lonse n'kuisalaza, ndiye chimvula chogwa pa khwawa limodzi amachichepetsa, ndipo kuti tiwakhulupirire timawayesa ndi kachitini komwe kaja. Tisaiwalenso kuti mvula yomweyo siibala madzi ofanana masiku onse. Phiri likametedwa mitengo, dambo likadzaza nyumba ndi malata, madzi amene kale ankalowa pansi amathamangira kukhwawa nthawi imodzi. Kalavati wowerengedwa bwino zaka 20 zapitazo atha kuchepa lero ngakhale mitambo isanasinthe kanthu.

Pa zifukwa zimenezi, pepala limene ndimapereka kwa injiniya limakhala ndi manambala atatu, wapakati, wam'munsi ndi wapamwamba, pamodzi ndi zaka za kaundula ndi zaka zimene zikusowamo. Pansi pake ndimalemba funso loti ayankhe iyeyo: madzi akadzaposa wapamwambayo adzadzera kuti? Mayankho ake ndi a mmisiri, si a masamu. Msewu ungatsitsidwe pang'ono chapatali ndi mlatho n'kuwakidwa konkire, kuti madzi owonjezera adumphe pamenepo m'malo mokumba nsanamira. Potayira madzi a damu pangapatsidwe njira yachiwiri yoloza kutchire, osati kumudzi. Kukamwa kwa kalavati kungasiyiridwe mpata woposa wa madzi okha, chifukwa chigumula sichibwera ndi madzi oyera: chimasenza mapesi a chimanga, nthochi zozuka ndi mizu yomwe, mapulasitiki ndi mchenga, ndipo paipi ya mamilimita 900 yodzaza mchenga mpaka theka siilinso paipi imene inawerengedwa pa pulani. Masamu anga onse amaganiza kuti paipiyo ndi yotseguka, ndiye pamzere womaliza wa pepalalo ndimafunsa kuti ndani adzaifukula ndi fosholo mu Okutobala, chizimalupsa chisanagwe.