Kabasi ka amalume kasanduka nyumba: ulendo wa ku Katete

Ngati munakwelapo minibasi ya ku Matero zaka zakumbuyoku, mwina munakhalapo pa mpando wa Toyota Hiace ya amalume anga. Inali kunyamula anthu kucokela m'mamawa mpaka usiku, kondakita ali lende pa citseko. Manje yakalamba. Anyamata ogula zitsulo zakutha anabwela kawili konse kudzaiyang'ana, koma amalume anakana. Ali ndi puloti ku Katete kwao, koma palibe nyumba, ndipo ndalama ya lendi mu Lusaka inali kuwadya mwezi ndi mwezi.

"Iwe mufana, iyi motoka inanidyetsa zaka zambili," anandiuza. "Manje izanigoneka mpaka nikatsilize kumanga."

Ndinaseka. Patapita miyezi itatu ndinali m'kati mwake, tili pa Great East Road.

Nchito inayambila ku Kalingalinga, kumene akalipentala ndi owocelela zitsulo amandandalika mageti ndi mabedi m'mbali mwa mseu. Titacotsa mipando yonse ya kumbuyo ndi kapeti ya labala, tinapeza zimene zinabisika zaka zonsezi: makobili akale, cipeso, ndi dzimbili limene linaboola pansi pafupi ndi citseko. Apa ndiye poyambila, anzanga. Ukaika mapulanga okongola pamwamba pa dzimbili, wangophimba cilonda. Owocelela anadula pamene panawola, anaikapo citsulo catsopano, ife tinapaka penti yofiila yoletsa dzimbili, ndiye pambuyo pake tinayala plywood.

Malo amene anatsala kumbuyo kwa dalaiva ni ocepa: pafupifupi mamita 3 m'litali, mita ndi hafu m'lifupi, ndipo munthu wamkulu sangaimilile. Koma amene anakulila mu komboni, m'cipinda cimodzi ca lendi, sukulu iyi anaiphunzila kale. Bedi ndiye mpando wa alendo, pansi pa bedi ndiye sitolo, msomali wa kucitseko ndiye wadilopu. Ba anti ndiwo anakhala injiniya wathu. Lamulo lao linali limodzi: ciliconse colowa m'motoka cigwile nchito ziwili, apo ai citsale.

Ku msika wa Buseko tinakangana. Amalume anafuna mukwa cifukwa ni wolimba ndipo umaoneka bwino. Kalipentala anapukusa mutu.

"Mudala, mukwa ni wa mu sitting room. Apa mufunika paini. Kilo iliyonse yamene muikamo, injini izaikoka pa phili, na mafuta muzalipila ndimwe."

Tinagula paini. Kumbali ya dalaiva anapanga benchi yaitali ya mabokosi atatu otseguka pamwamba: limodzi la zovala, lina la mabulangeti, lacitatu la unga, kapenta ndi nyemba. Usiku umakoka thabwa la pansi, benchi n'kukhala bedi ya anthu awili. Matilesi tinaidula zidutswa zitatu, ba anti anazisokela makava a citenje ca ku Kamwala, ndipo nsalu yotsala inakhala makatani. Pafupi ndi citseko cotsetseleka panakhala kakabati ka mapoto, ndi kathebulo kopinda kamene kamatulukila panja.

Zolema zonse zinapita pansi, pakati pa mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo. Cigubu ca malita 20 cikadzala madzi cimalema makilo 20, ife tinali nazo ziwili. Ukaziika pamwamba, motoka imapendama pa kona. Pa denga tinangoikapo solar panel imodzi, yodyetsa batile yaciwili ya magetsi ndi mafoni. Batile ya injini sitinaikhudze, kuopa kudzuka m'thengo motoka yosaliza. Silinda yaing'ono ya gasi inalowa m'bokosi lakelake, lokhala ndi kabowo pansi, cifukwa gasi yophikila ni yolema kuposa mphepo: ikatuluka imatsikila pansi, ndiye ifunika njila yothawila panja. Za mbaula tinagwilizana tisananyamuke kuti silowa m'kati olo kuzizile bwanji. Utsi wa malasha umene umapha suoneka ndipo sununkha. M'cipinda cotseka umapha anthu ali m'tulo, nanga m'kabasi?

Tinanyamuka Lacisanu m'mamawa mu October, dzuwa lisanatuluke. Mpaka ku Chongwe zonse zinali bwino, amalume akuimba mluzu ngati munthu amene wapambana mlandu. Titadutsa Rufunsa mseu unayamba kukhotakhota m'mapili a Manenekela, kumene dalaiva aliyense amakhala cete. Pa kona ina amalume anaponda mabuleki cifukwa ca thilaki imene inali kukwawa kutsogolo. Kumbuyo kunamveka phokoso ngati khichini yagwa. Zitseko za kabati zinatseguka, mapoto anauluka, botolo la saladi linagubuduka n'kutsanulila m'mbale ya tomato ndi pa bulangeti.

Colakwa cinali cathu. Tinaika timaginito pa zitseko monga za kabati ya m'nyumba, kuiwala kuti nyumba iyi imathamanga. Ba anti sanakambe zambili.

"Ninakuuzani kuti muikepo maloko. Manje pukutani."

Tinafika pa Luangwa Bridge masana, kutentha ngati mu uvuni. Pamsika wa pamenepo, mseu usanatsikile ku mlatho, pali mizele ya nsomba zouma, madengu, mphasa ndi zipewa za mlaza. Mlathowo, wopacikika pa zingwe zacitsulo, unatsegulidwa mu 1968, ndipo ndiwo khomo la Eastern Province. Pamsikapo ndi pamene tinapeza mankhwala a vuto lathu. Tinagula madengu atatu ang'onoang'ono olowa bwino m'mashelufu, kuti makapu ndi mabotolo asamayendeyende, ndi malegeni a chubu yakale omangila zitseko. Zinthu za ndalama zocepa zinacita zimene maginito a mu shopu analephela.

Tinagona pomwepo, ndipo usikuwo unatiphunzitsa cina. Hiace ni citini. Denga tinaliikila thovu lopyapyala pansi pa siling'i, koma mphepo inalibe potulukila. Titatseka mawindo tinali kuphikika, titatsegula udzudzu wa m'cigwa unalowa ndi abale ake onse. Pakati pa usiku ine ndi amalume tinali kudula neti yakale ndi kuipanikiza pa mawindo ndi mapegi a zovala. Ndinagona pa mipando ya kutsogolo, miyendo yopinda, ndikumva mathilaki opita ku Malawi ndi ku Mozambique akubuula pa phili. Kumbuyo amalume anayamba kuliza mkonono. Ndinadziwa kuti bedi yapasa mayeso.

M'mawa tinaoloka mlatho. Ku Nyimba tinagula nthoci, ba anti anazipacika pa mbedza ya makatani, nayonso yapeza nchito yaciwili. Tinadutsa Petauke ndi Sinda, ndipo madzulo mapili a Mphangwe anaonekela. Kucoka ku Lusaka kufika ku Katete ni pafupifupi makilomita 500, ndipo kabati sinatsegukenso.

Pa puloti panali mtengo wa mango, mulu wa njelwa ndi udzu wouma. Amalume anaimika motoka pa mthunzi, citseko kuyang'ana kum'mawa. Ba anti anatulutsa kathebulo, anateleka madzi a nsima panja, ana a pafupi ataunjikana kusuzumila pa windo. Gogo wina anafunsa ngati basi inyamukanso mawa kupita ku Lusaka, cifukwa ali ndi thumba la nshawa lofuna kutumiza.

"Iyi yafika, amama," amalume anayankha. "Apa ni pa last stop."

Ine ndinabwelela pa basi yaikulu Lamlungu. Sabata yatha anandiimbila foni: maziko a nyumba akumba, neti ya mawindo asokela bwinobwino, ndipo afuna ndikawagulile tumaloko sikisi twa kabati ku Kamwala. Akuti malegeni agwila nchito, koma ba anti sanaiwale za saladi ija.