Thanki ya nsomba ya m'kalasi mwathu

Ndakhala chete nthawi yaitali chifukwa cha kuchonga mayeso, mundikhululukire.

Mwezi watha mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa Biology, pano ali ku Johannesburg, ananditumizira chithunzi cha thanki yake yagalasi. Munali tinsomba tonyezimira totchedwa rainbowfish, pamodzi ndi tizilombo tofiira timene pa Chingerezi amati shrimp. Pansi pake analemba kuti, "Sala, mukuikumbukira thanki yathu ija? Ndikubwera pa Khirisimasi, ndikutengereni tingapo?" Ndinaseka ndekha, kenaka ndinamuyankha kuti asavutike. Chifukwa chake ndichifotokoza, koma ndiyambe ndi thanki yathu ija.

Chaka chimenecho ndinatopa ndi kujambula nsomba pa bolodi pophunzitsa za mmene zamoyo zimadalirana. Ndinagula magalasi ku Mangochi boma, tinawamata ndi silikoni, n'kutuluka thanki ya malita 60. Loweruka lina ndinatsikira ku mtsinje wa Shire ndi sefa ya ufa ya mayi akunyumba, ndipo m'mabango ndinakolamo tizilombo toposa 30 ta mtundu wa Caridina. N'tating'ono, sitipitirira masentimita atatu, ndipo thupi lake limaonekera mkati ngati galasi. Ana anatitcha tinkhanu. Si nkhanu zenizeni ayi, koma ndi pachibale, choncho dzinalo linakhazikika. Bambo wina wa damu la nsomba anatipatsanso ana a makumba anayi, ndipo ine, posaganiza bwino, ndinathira zonse tsiku limodzi m'thanki yopanda kanthu.

Udindo wosamalira ndinaupereka kwa mtsikana wina wa Folomu 3, wofatsa, wosakonda kuyankhula m'kalasi. Sabata isanathe tinkhanu tinatsala tisanu. Ndinakwiya, ndipo ndinamudzudzula pamaso pa anzake kuti ndi wosasamala. Sanayankhe. Mawa lake pa buleki anabwera ku sitafu, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Sala, tabwerani mudzaone." Tinaima pa thanki mphindi zingapo. Kankhanu kena kanali katangofundula chikhungwa chake, thupi likadali lofewa, ndipo nsomba imodzi inangokameza ife tikuona. Mwana uja anati, "Si njala, Sala. Tilibe pobisala."

Anzanga, tsiku limenelo ndinachita manyazi. Zimene ndinkaphunzitsa pa bolodi ndinalephera kuziona m'madzi, koma mwana anaziona chifukwa anakhala pansi n'kuyang'anitsitsa. Ndinapepesa pamaso pa kalasi yomwe ija, poti m'pamene ndinamulakwira.

Tinayambiranso, ulendo uno iye ali patsogolo. Makumba tinabweza ku damu. Pansi tinaika mchenga wotsuka, miyala yosanjikiza ndi zomera za m'madzi zambiri. Thanki inakhala masabata atatu yopanda nsomba, tikumangoponyamo tinyenyeswa ta chakudya. Izi zimapatsa mpata mabakiteriya amene amasintha ammonia wochokera ku zinyalala kukhala nitrite, kenaka nitrate, yemwe savulaza kwambiri. Tinkhanu tinalowa poyamba. Titaona tatikazi titanyamula mazira kumimba, tinadikira mpaka ana ataswa, ndiye tinaikamo timatemba tisanu tating'onoting'ono. Ana ena a tinkhanu ankadyedwabe, koma ambiri ankapulumukira m'zomera, ndipo chiwerengero chinkakwera.

Kwa amene mukufuna kuyesa pa sukulu panu, nazi zimene tinaphunzira. Nsomba imadya chilichonse chokwana m'kamwa mwake, choncho yang'anani kukula kwa kamwa, osati kufatsa kwa nsombayo. Sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi sabata iliyonse, osati onse nthawi imodzi. Madzi apampopi okhala ndi klorini amapha tinkhanu, chimodzimodzinso mankhwala alionse okhala ndi kopa. Musachulutse chakudya, pakuti chotsala chimaola. Ndipo kuno kumtunda, mu Juni ndi Julayi, chotsani thanki pawindo usiku chifukwa madzi amazizira kwambiri.

Malamulo omwewa ndi amene mnyamata wa ku Johannesburg uja akutsata. Kwawo kwa rainbowfish ndi ku Australia ndi ku New Guinea. Mitundu ing'onoing'ono, monga Iriatherina werneri, ili ndi kamwa laling'ono kwambiri moti tinkhanu tatikulu saitha, ngakhale tongoswa kumene ingathe kudya. Tinkhanu tofiira tija ndi Neocaridina davidi, tochokera ku Taiwan ndi ku China, ndipo timaswana mofulumira.

Nanga ndinakaniranji mphatso? Ndimadziwa zimene zimachitika sukulu ikatsekera. Wina amamva chisoni kuti nsomba zifa ndi njala, n'kukazikhuthulira mumtsinje. Madzi sadziwa malire, amalumikizana ndi madambo ndi nyanja. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba, monga mbuna, imene sipezeka kwina kulikonse padziko. N'chifukwa chake Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Ku nyanja ya Victoria anathiramo nsomba yachilendo ya Nile perch m'ma 1950, ndipo patapita zaka makumi atatu mitundu yambiri ya nsomba zam'menemo inali itasowa. Sindikunena kuti tinsomba tiwiri ta m'botolo tingachite zofanana ndi zimenezo, koma chamoyo chikalowa m'madzi simungachiitanenso kuti chibwerere. Sindikufuna kuti chiyambi chake chidzakhale kalasi yanga.

Ndinamuuza mnyamatayo kuti ngati akufuna kutithandiza, atigulire kapampu kolowetsa mpweya koyendera mabatire, chifukwa magetsi akazima nsomba zimavutika. Wavomera.

Iwe mwana wanga amene ndinakudzudzula popanda chifukwa, ngati mawu ano akupeze, dziwa kuti thanki ija ilipobe, ndipo Folomu 3 iliyonse ndimaiuza kuti munthu amene anaikonza ndi iwe. Aphunzitsi anzanga, kalasi ikakhala ndi mwana wachete, musafulumire kumuweruza ngati mmene ndinachitira ine.