Mbaula ya Mapeleti Itakana Kuyaka ku Bwacha

M'komboni ya Bwacha, m'tauni ya Kabwe, mukhala abambo ena acikulire amene anacoka ku Katete ali mnyamata kudzagwira nchito yokonza makina pa mgodi wa mtovu. Mgodiwo utatsekedwa mu 1994 sanabwerere kumudzi. Banja lao lakhala likudalira zitumbuwa zimene akazi ao amakazinga mbandakuca ndi kugulitsa pamsika, ndipo ndalama zake ndizo zimadyetsa adzukulu atatu.

M'caka ca 2024 mvula inakana, madzi a m'damu la Kariba anatsika, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku. Anthu a m'matauni anathamangira malasha, mtengo wa thumba unakwera, ndipo phindu la zitumbuwa linayamba kuthera pa moto. Mwana wao wa ku Lusaka ataona zimenezi anawatumizira mbaula ya mapeleti.

Owerenga athu a kumidzi amene sanaionepo mbaula yotere adziwe kuti mapeleti ndi utuci wa matabwa umene makina amaupanikiza kukhala timibulu touma gwa, ndipo ku Ndola kuli fakitale yowapanga. Mbaulayo ili ndi cikho cacitsulo cothiramo mapeleti, cokhala ndi ziboo pansi ndi zina m'mbali ca kukamwa. Kunsi kuli kafani koyendera batire, lomwe limalandira mphamvu kucokera ku sola. Moto amauyatsa pamwamba, ndipo umatsika pang'onopang'ono. Mapeleti akatentha amatulutsa utsi, ndipo mphepo yotulukira pa ziboo za kukamwa ndiyo imayatsa utsiwo kuti ukhale lawi. Ku maiko ozizira a ku Ulaya, mbaula zofunditsa nyumba zimadzithirira mapeleti ndi kudziyatsa zokha, koma pa mbaula yophikirayi nchito zonsezo ndi za dzanja la wophika.

Miyezi ya dzuwa mbaula inagwira bwino, koma mu January 2025, mvula ili pakati, inayamba kuvuta. Bokosi la macisi linali kutha lawi likungoyaka ndi kuzima, utsi woyera uli tolo m'khichini. Masiku atatu otsatizana zitumbuwa zinafika pamsika ogula atabalalika kale. Madzulo a tsiku lacitatu amai anatulutsa mbaula yao yakale.

"Atate ake a ana, cinthu ici candidyera ndalama. Mawa ndikatenga malasha, ngakhale a ngongole," anatero amaiwo.

"Ndipatseni tsiku limodzi, amai. Ku mgodi sitinali kutaya makina tisanapeze pomwe padwala," anayankha abambowo.

Kutaca anakhala pakhonde nayamba kufufuza cinthu cimodzicimodzi, pakuti amene asintha zinthu zitatu nthawi imodzi sadziwa cimene caciritsa. Poyamba anayatsa kafani cikho cili cabe, naika dzanja pamwamba. Mphepo inali yofooka ngati mpweya wa mwana wogona. Sola inali itakhala pamthunzi wa khonde sabata yonse ya mitambo, galasi lake lili mbuu ndi fumbi. Anaipukuta naiika poyera kuti batire lidzale.

Kenaka anayang'ana cikho padzuwa, napeza kuti kuwala kunali kulowa pa ziboo zowerengeka cabe. Zina zonse phulusa linali litazimata. Anazitsegula ndi sipoko ya njinga, nagogoda cikhoco mpaka cinayera.

Cacitatu anapita pa thumba, limene linali pa simenti, litatsamira khoma la kumene kumacokera mvula. Peleti labwino limanyezimira ndipo limathyoka kuti thyo, koma awa anali atatupa, akufumbutuka pakati pa zala. Pansi pa thumba panali utuci wokhawokha, umene ukalowa m'cikho umatseka njira ya mphepo. Anawasefa ndi sefa ya ufa, nataya otupawo, ndipo thumba lina losatsegula analiika pa thabwa kutali ndi khoma.

Panatsala cimodzi, ndipo ndico cinali cobvuta kucinena. Madzulo abambowo anakhala cete kupenyerera akazi ao akuyatsa moto. Amai anadzaza cikho mpaka kukwirira ziboo za kukamwa, natsegula kafani mwamphamvu macisi asanagwire bwino, ndipo lawi litafooka anathiranso mapeleti odzaza manja awiri. Moto unatsamwa pomwepo.

Kuuza munthu amene wasonkha moto zaka makumi asanu kuti walakwa posonkha si nkhani yaing'ono. Abambowo anangofunsa kuti, "Kodi kumudzi, moto ukangoyamba kugwira, munali kuunjikapo mtolo wonse wa nkhuni?"

Amai anakhala kanthawi osayankha, kenaka anakhuthula cikho, nadikira kuti cizizire. Anathira mapeleti ouma kulekeza pansi pa ziboo za kukamwa, nadontheza palafini pang'ono pamwamba, nayatsa. Anadikira kufikira mapeleti apamwamba onse atagwira, ndipo pamenepo anatsegula kafani pang'ono, namawonjezera lawi likamakula. Utsi unatha, lawi linaima njo pansi pa poto. Pofuna kuwonjeza mapeleti anali kuponyamo ocepa nthawi imodzi.

Mmawa mwake zitumbuwa zinafika pamsika ana a sukulu asanadutse, ndipo ngongole ya malasha sinatengedwe. Anagwirizana malamulo atatu a m'nyumbamo: palafini sathira m'cikho cotentha, petulo sayandikira mbaula, ndipo citseko ca khichini cikhala cotsegula pophika.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Moto wa m'mbaula ya batire ufuna zimene ufuna moto wa pa mafuwa a ku Katete: nkhuni zouma, mphepo yokwanira, ndi nthawi yoti ugwire. Cimodzi cikasowa utsi umanena, ndipo wophika ayenera kuyang'ana thumba, ziboo, batire ndi dzanja lake lomwe asanaiweruze mbaula. Kuyambira tsiku limenelo, kutsegula ziboo ndi sipoko inakhala nchito ya mdzukulu wamkulu madzulo alionse, ndipo ambuye ake aakazi ndiwo amayang'ana cikho padzuwa ngati wagwira bwino.