Chipewa chakuda cha agogo

Magetsi akathima ku Unit A, limodzi mwa madera a Seke mumzinda wa Chitungwiza, anthu ambiri amatuluka panja kukacheza, pamene amayi amafulumira kukoleza moto kuti nsima ipse kusanade. Koma m'nyumba ina ya zipinda zinayi muli bambo wa zaka zopitirira 40 amene nthawi yotereyi amayatsa kanyale ka sola, n'kukhala pa tebulo ndi kaburashi kosongoka ngati singano. Patsogolo pake pamakhala kamsilikali kotalika mamilimita 28 okha. Amayamba n'kukapaka penti yotuwa thupi lonse, kenako yunifolomu, lamba, mfuti, ndipo nkhope imabwera pomalizira. Kamsilikali kamodzi kamamudyera madzulo awiri kapena atatu.

Masana bamboyu amawotcherera zitsulo pafupi ndi msika wa Makoni. Anzake a kuntchito amadziwa za tiasilikali taketo ndipo salephera kumuseka. Amati munthu wandevu, wa ana awiri, sangamataye nthawi ndi zidole. Mkazi wake nayenso poyamba sankamvetsa. Tsiku lina atapeza kabotolo katsopano ka penti pawindo, mafuta ophikira atatha m'nyumba, anamufunsa modekha kuti, "Bambo, kodi asilikali anuwa adzatigulira ufa?" Funsoli linali loona ndipo iye analibe poyankhira. Anagwirizana kuti malipiro a pamwezi ndi a banja, ndipo penti izigulidwa ndi ndalama za maganyu a Loweruka basi. Panganoli likugwirabe ntchito mpaka lero.

Masewerawa anawadziwira ku Johannesburg, kumene anapita m'chaka cha 2008 pamene ndalama ya dziko la Zimbabwe inkatha mphamvu tsiku ndi tsiku. Loweruka lina analowa m'sitolo ina pothawa mvula, ndipo anapeza anthu akuluakulu atazungulira tebulo lalikulu lokhala ndi timapiri, timitengo ndi kamtsinje. Ankayeza mtunda ndi tepi, kusuntha tiasilikali, kenako n'kuponya madayisi kuti aone ngati chipolopolo chalasa kapena chaphonya. Anaima n'kumaonerera mpaka mvula inakata iye osazindikira.

Pambuyo pake anamva kuti masewerawa ndi akalekale. M'chaka cha 1824, msilikali wina wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu a nkhondo masewera otchedwa Kriegsspiel, omwe ankaphunzitsira atsogoleri a asilikali kukonza nkhondo pa mapu. Mu 1913, mlembi wa ku England H. G. Wells anatulutsa buku la Little Wars, lokhala ndi malamulo oti anthu wamba azisewera ndi tiasilikali tachitsulo. Kampani ya Games Workshop, yomwe inayamba ku London mu 1975, inatulutsa masewera a Warhammer mu 1983 ndipo anafalikira m'maiko ambiri. Koma bambo wa ku Unit A sanakopeke ndi zilombo ndi ankhondo a m'nthano omwe anzakewo ankakonda. Chimene chinamugwira mtima ndi kapaketi kena komwe anakapeza pakona ya shelefu, kokhala ndi asilikali akuda a gulu la King's African Rifles.

Kunyumba kwawo, pakhoma la chipinda chochezera, panali chithunzi chakale cha agogo ake aamuna atavala yunifolomu ya gulu lomwelo. Agogowo anabadwira m'boma la Zomba, m'dziko lomwe panthawiyo linkatchedwa Nyasaland. Gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyambirira anali a ku Nyasaland. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, agogowo anali m'gulu la asilikali a kum'mawa kwa Africa omwe mu 1944 anadutsa m'chigwa cha Kabaw ku Burma, mvula ikugwa usana ndi usiku, malungo akugwetsa anthu. Atabwerako sanapeze ntchito kumudzi. M'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, anatsika ulendo wa ku Salisbury monga ankachitira amuna ambiri. Kumudzi anawawerengera m'gulu la machona, chifukwa sanabwererenso.

Mdzukuluyu anakula akulankhula Chishona kusukulu ndi pamsewu, Chichewa n'kumangochimvera kwa akuluakulu pa maliro ndi pa gule. Iye anabadwira ku Zimbabwe, bambo akenso chimodzimodzi, koma anzake ankamutchulabe kuti Mnyasarandi. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri omwe makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique anapezeka kuti akuwerengedwa ngati alendo m'dziko lomwe anabadwira, ndipo ena analephera kuvota. Bambo ake anali m'gulu limeneli. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezeretsa unzika kwa ambiri mwa anthu otere, komanso anaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe bala la zaka zimenezo silinapole msanga. Funso lakuti "kwanu n'kuti?" linamutsatira mpaka ku Johannesburg, ndipo kumeneko, atagwira kapaketi ka tiasilikali m'manja, anaona ngati wakumana ndi abale ake.

Atabwerera ku Chitungwiza anayamba kupenta mwakhama. Chithunzi cha agogo chinali chopanda mitundu, choncho chipewa chachitali chomwe anavala sichinkadziwika maonekedwe ake. Iye anatsatira zithunzi zomwe anaona pa intaneti n'kupenta zipewa zonse mofiira. Atamaliza asilikali 30 anawandandalika pa tebulo monyadira. Sabata yomweyo kunabwera azakhali ake ochokera ku St Mary's, mwana womaliza wa agogo aja. Anatenga kamsilikali kamodzi, n'kukayandikitsa kumaso, kenako anapukusa mutu.

"Mwanawe, awa si abambo anga," anatero. "Chipewa chawo chinali chakuda. Chinkakhala m'sutikesi pansi pa bedi mpaka njenjete zinachimaliza."

"Azakhali, kodi simukuiwala? Paliponse ndikuona zofiira."

"Ine ndinkachipukuta ndi manja angawa. Kafunse bwino."

Anakafufuzadi, ndipo anapeza kuti azakhali ankanena zoona. Mabataliyoni ambiri a gululi ankavala zipewa zofiira pa perete, koma a ku Nyasaland ankavala zakuda. Safunsa anadya phula. Zinamutengera mwezi wathunthu kuti akonze zipewa zonse 30, koma phindu lalikulu silinali pa penti. Kuyambira pamenepo ankakwera kombi Lamlungu lililonse kupita ku St Mary's ndi kope m'thumba, n'kumalemba zimene azakhali ankakumbukira: dzina la mudzi, dzina la mfumu, mfunda wa banja, ndiponso nkhani yomwe iye anali asanaimvepo, ya bambo awo a agogo aja.

Iwowo sanali msilikali. Anatengedwa ngati mtengatenga pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yomwe Amalawi ankaitcha nkhondo ya Chiwaya potengera kulira kwa mfuti zamakina. Nkhondoyi inafika ku Karonga pa 9 September 1914, ndipo inapitirira m'maiko oyandikana nawo mpaka mtsogoleri wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anagonja ku Abercorn, komwe lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 November 1918. Amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anasenza katundu wa nkhondoyi pamutu, ndipo ambiri anafa ndi njala ndi matenda. M'busa John Chilembwe anali atalemba kale kalata mu November 1914 yodandaula kuti Aafirika akufera nkhondo yomwe si yawo. Bambo awo a agogo aja anachoka kumudzi mkazi wawo ali woyembekezera, anabwerako ali ofooka, ndipo sanakhalitse.

Nkhaniyi inamufika pamtima pa nthawi yomwe anali atapeza kale womutsutsa wina. Pafupi ndi nyumba yake pamakhala mkulu wina amene anaona nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe ya zaka za m'ma 1970 ali mnyamata kumudzi kwawo. Mkuluyu amakonda tsoro, masewera a m'maenje ofanana ndi bawo, ndipo bamboyu ankaganiza kuti angakondenso za pa tebulo. Atamuitana, mkuluyo anaonerera kwa kanthawi, kenako anati, "Mwanangu, iwe ukaponya kadayisi, munthu wako wagwa, umamutola n'kumubwezera m'bokosi, mawa adzukanso. Amene ine ndinawaona atagwa sanadzuke." Anatenga ndodo yake n'kutuluka.

Kwa masabata angapo bokosi silinatsegulidwe. Bamboyu ankadzifunsa ngati sakunyoza akufa powasandutsa choseweretsa. Ankakumbukiranso kuti Amalawi akhala akusewera nkhondo kuyambira kale. Magule a beni ndi malipenga amatsanzira perete wa asilikali achitsamunda, ndi mayunifolomu, maudindo ndi mayendedwe ake, ndipo ana a machona amavinabe beni m'migodi ndi m'matauni a Zimbabwe. Ovina aja sankalemekeza nkhondo. Ankatenga chinthu chomwe chinawapweteka n'kuchiika m'manja mwawo kuti achilongosole m'njira yawo. Koma anaonanso kuti mkulu uja anali ndi mfundo. M'mabuku a malamulo omwe anali nawo, asilikali sankamva njala, sankadwala, ndipo zipolopolo zinkangopezeka zokha. Amtengatenga munalibemo.

Choncho anaganiza zowaikamo. Anapinda timawaya, n'kutimata ndi phala lomwe amatsekera mabowo a galimoto, ndipo anaumba tianthu 40 topanda nsapato, tosenza mitolo pamutu. Kenako analemba lamulo lakelake m'kope muja. Gulu lililonse la asilikali liyenera kukhala ndi amtengatenga ake. Asanayambe kusuntha, wosewera aponye dayisi chifukwa cha iwo, ndipo ikagwa pa 1, mtengatenga mmodzi wadwala kapena wathawa. Akachepa kufika pa theka, asilikali sangayende kapena kuwombera. Amene wagwa sabwereranso pa masewera otsatira. Mapiri a pa tebulo anawasema kuchokera ku zotetezera firiji zomwe anatola pa dzala, mchenga anakautapa m'mphepete mwa mtsinje wa Manyame, ndipo udzu ndi utuchi wonyikidwa mu penti yobiriwira.

Anakagogodanso kwa mkulu uja. "Agogo, bwerani mudzangoona kamodzi kokha. Mukapanda kukondwa, sindidzakuvutitsaninso." Mkuluyo anabwera, anamvetsera lamulo latsopanolo, ndipo anavomera kutsogolera mbali imodzi. Masewera a tsikulo anatha popanda wopambana, chifukwa magulu onse awiri anaima pakati pa njira, amtengatenga atatha, asanaonane n'komwe. Mkuluyo anakhala chete kwa nthawi, kenako anayamba kufotokoza za atsikana ndi anyamata a kumudzi kwawo omwe ankatumidwa usiku kukapereka chakudya kwa omenya nkhondo kuthengo. Anali asanauzepo munthu aliyense wa mumsewu umenewo nkhani zimenezi.

Masiku ano mkuluyu amabwera Loweruka lina lililonse, ngakhale amanenabe kuti tsoro ndiye masewera a anthu anzeru. Anzake a ku Makoni sanasiye kuseka. Mwana wamkazi wa bamboyu, yemwe ali ndi zaka 11, wapatsidwa ntchito yopenta mitolo ya amtengatenga, ndipo pansi pa kamunthu kalikonse amalembapo dzina la mudzi kuchokera m'kope la azakhali. Mawu ena a Chichewa amamuvuta kutchula, choncho amafunsa kawirikawiri, bambo ake n'kumayankha zomwe akudziwa. Zomwe sakudziwa amazilemba patsamba lomaliza la kopelo, kuti akafunse ku St Mary's Lamlungu likudzalo.