Mseu wa pa Pepala ndi Mseu wa Pansi

Ine ndine kalaliki wa Boma ku Chadiza, ndipo nchito yanga yaikuru ndiyo kulemba m'mabuku za miseu, milatho ndi zitsime. Aphunzitsi athu a ku mishoni anatilangiza kuti colembedwa siciiwalika. Koma sanatiuze kuti colembedwa molakwa naconso siciiwalika.

Ku maiko a Azungu kuli anthu amene ayesa mizinda naiika pa mndandanda, monga ana a sukulu atatha mayeso, kuti adziwe mzinda wokomera okwera njinga. Mndandanda wina wochuka, wochedwa Copenhagenize Index, unayamba mu 2011. Mu 2011 ndi 2013 woyamba unali Amsterdam, ndipo mu 2015, 2017 ndi 2019 unali Copenhagen. Oyesawo ayang'ana tinjira topatulira njinga, malo oziimikapo, ndi unyinji wa okwera, amuna ndi akazi omwe. M'zaka zimenezo Chipata sanaoneke pa mndandandawo, cinkana kumeneko njinga zinyamula anthu, makala ndi mbuzi kuyambira mbandakuca, ndipo kale kunali fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle. Pakuwerenga zimenezi ndinaseka, ndi kunena mumtima kuti mlendo sangadziwe njira zathu. Sindinadziwe kuti inenso ndinali mlendo kwathu komwe.

M'mwezi wa September ndinalandira pepala lofuna kuti ndilembe ngati mseu uli wonse wa kumidzi uli wabwino, wapakati kapena woipa kwa oyenda pa njinga. Mseu wina wa cakumbali kwa Nsadzu ndinali nditaupitapo pa galimoto m'cilimwe comweco, nthaka iri gwa. Cotero ndinalemba kuti "wabwino", osafunsa munthu ali yense. Cifukwa ca liu limodzi limenelo, kamtsinje ka pa mseuwo sikanalowe pa mndandanda wa malo ofuna kukonzedwa.

M'mwezi wa February mwana wa mlamu wanga, amene akhala kumeneko, anadwala malungo usiku. Mlamuyo anakweza mkazi wace ndi mwana pa njinga kunka ku cipatala. Matope a m'dambo anamatirira pa matayala kufikira magudumu analeka kuzungulira, ndipo pa kamtsinje paja madzi anali m'ciuno. Iye anasenza njinga pa phewa, mai nasenza mwana pamutu. Ulendo wa ora limodzi unatha maora 4. Mwanayo anacira, koma anafika ali lefu.

Pamene ndinakawazonda ndinaulula za pepala lija. Mlamu sanakwiye. Anangoti, "Alamu, njinga ndi iyi. Mawa mukauyese mseu wanu wabwinowo." Ndinapita, ndipo ndinabwera nsapato ziri m'manja. Pamenepo ndinakumbukira mau a akuru akuti safunsa anadya phula.

Ndinaona tsono kuti muyeso wa pa pepala uyesa mseu tsiku limodzi, usana, wokwera ali mwamuna wamphamvu wopanda katundu. Suona mcenga wa October kapena matope a February. Sudziwa kulemera kwa matumba 2 a cimanga a makilogalamu 50, fumbi la malole lotseka maso, ngakhale kutalika kwa kumene akhala womata cubu. Ndiganiza kuti ngakhale m'mizinda yaikuru ziri comweco: kanjira ka njinga kangawerengedwe m'buku, pamene pansi ogulitsa ayalamo malonda ao.

Komabe sindinena kuti mapepala otere atayidwe, pakuti ndalama za Boma zitsata colembedwa, ndipo mseu wosalembedwa sukonzedwa. Cimene ndicita tsopano ndi ici: ndisanalembe, ndifunsa mai wopita ku cigayo, mwana wa sukulu ndi wonyamula makala, ndipo pambali pa yankho ndilembapo mwezi wace.

Inu alembi anzanga, colembera ciri copepuka m'dzanja lathu, koma pamene tilemba molakwa pali munthu wina amene adzasenza njinga pa phewa usiku. Caka cotsatira ndinafafaniza liu lija ndi kulemba kuti, "wabwino m'cilimwe, woipa m'dzinja".